Nthiti za boti la a Mateyu

A Mateyu anafika ku Chiosya mu 1998 kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya, ndipo tsiku loyamba lomwelo ananama. Atafunsidwa kwawo, anati ku Nkhotakota, m'mphepete mwenimweni mwa nyanja. Ankangofuna kuti Eliza, mtsikana wa m'mudzi mwathu wogulitsa usipa, awaponyere diso. Analiponyadi, mpaka ukwati. Chaka chisanathe Eliza anadziwa kuti mwamuna wake ndi wa kumapiri a ku Ntchisi, koma anasunga pakamwa.

Fodya atawakana, a Mateyu anayamba kuwotcherera ndowa ndi mabeseni apulasitiki. Amaika chitsulo pa mbaula, chikafiira n'kumata nacho pong'ambika, ndipo pakamwa sipapuma. Ankatisimbira za mafunde otalika ngati chigafa cha fodya. Ife a ku Mchinji, amene madzi aakulu timawaonera pa damu la esiteti, tinkangoti kukamwa yasa! Ngakhale kutchalitchi, nkhani ya Yona ikavuta, ankafunsa iwowo.

Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Chaka chatha bungwe lina linatisiyira boti lapulasitiki loti tiziwolokera mtsinje wathu nthawi ya dzinja popita kuchigayo ndi kusikelo. Linali lokongola, koma ukapondamo pansi pake pankalowa ngati beseni lakale, m'mbali n'kumapindika. Palibe mayi anavomera kukweramo ndi mwana kumbuyo. A Greyson, wapampando wa komiti ya mlatho umene sunamangidwebe, anati: "Tivutikirenji? Munthu wa kunyanja tili naye pompano."

Kuno kwathu womanga chigafa ndiye amayamba kukwera pamwamba pake, ndiye a Mateyu anadziwa kuti wokonza boti ndi amene adzayambe kuwoloka nalo. Kusambira sadziwa. Madzi akangofika m'mawondo, iwo amayamba kukumbukira machimo awo.

A Greyson anabweretsa matabwa ndi misomali. A Mateyu anakana: "Achimwene, msomali pa pulasitiki ndi chibowo. Zimenezo ayi." Anagoneka paipi yakale yothirira fodya pakati pa botilo kuti ikhale msana. Anadula nsungwi, n'kuzipinda pamoto monga achitira ndi mkombero wa lichero, kuti zikhale nthiti. Nthiti iliyonse anaimanga ndi timalamba todula ku zigubu za mafuta ophikira, n'kutiwotcherera ku botilo ndi chitsulo chawo chija. A Greyson anati nthiti zisanu ndi imodzi zikwana. A Mateyu anaika makumi awiri ndi zitatu, ndipo m'mawa uliwonse ankadumphamo lili pamtunda, akapeza pofewa n'kuwonjezera ina.

Tsiku loyesa, mudzi wonse unali padooko, mtsinje utadzaza. A Mateyu anafika atavala jekete la kutchalitchi, ngati munthu wofuna kuchepetsa ntchito ya adzukulu. Eliza anatola nsungwi yaitali yokankhira, n'kuyamba ndiye kukwera. "Tiyeni, bambo a Natasha," anatero. "Ndikuperekezani."

A Mateyu anakhala pansi, manja gwa! pa nthiti zawo zija, maso tseke. Atafika pakati boti linazungulira pang'ono, ndipo tinamva mfuu: "Anthuni, ndikhululukireni! Ine ndine wa ku Ntchisi! Nyanja ndinangoionera pa basi!"

Tinaseka mpaka misozi, ine ndemwe. Koma atabwerera, nditaona m'mene anatsikira, maso pansi, ndinawamvera chisoni kwambiri. Zaka zonsezi ulemu wawo unali nyanja imene ija, ndipo anali ataitaya ndi pakamwa pawo pomwe. A Greyson anafuula kuti mudzi wapusitsidwa, boti likonzedwenso ndi munthu wodziwa madzi.

Eliza anaponda mwamphamvu pansi pa botilo. Sipanagwedere, ndipo munali mouma. "A Greyson," anatero, "wodziwa kusambira akanaika zisanu ndi imodzi zanu zija, poti likaphwasuka iye apulumuka. Awa anakonza ngati munthu woti amira. Nanga pano wodziwa kusambira ndani?"

Mayi wina anamangitsa mwana wake kumbuyo, n'kukwera.

Lero Eliza ndiye amawolotsa anthu. A Mateyu amabwera m'mamawa kudzagogoda nthiti imodziimodzi boti lisanalowe m'madzi, koma kukweramo, mpang'ono pomwe. Akafuna kupita tsidya amazungulira wapansi kukadzera pa mlatho wa kumsewu waukulu, ulendo wa maola atatu. Za mafunde anasiya. Nthiti tsopano zafika makumi atatu, chifukwa amene amakwera tsiku lililonse ndi Eliza.