Mawu a Apongozi M'kompyuta

Dzina lake lenileni anthu analiiwala kalekale, aliyense ankangomuti Tibwereze. Woimba aimbe bwino, aimbe moipa, iye ankasendeza hedifoni khutu limodzi n'kunena kuti, "Zili bwino, koma tibwereze." M'mawa ankakonza mafoni pakhonde la sitolo ina, masana n'kukadzitsekera m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba komwe ankati ndi situdiyo. Situdiyo yake iti! Matiresi akale otsamira kukhoma, mathireyi a mazira okhomedwa kudenga, maiki yovekedwa sokosi, ndi kompyuta yomwe ikatentha inkalira ngati chigayo. Komabe nyimbo zinkatuluka, ndipo makwaya ankabwera.

Munthuyu ankaopa zinthu ziwiri: pulogalamu yake yojambulira mawu ndi apongozi ake aamuna. Pulogalamuyo anamuikira mnzake wa mumsika, ndipo inali ya mtima wapachala. Inkayenda bwino sabata yathunthu, kenako n'kungouma gwa popanda woiputa. N'chifukwa chake woimba akangokhala pampando, Tibwereze ankayamba wajambula mwakachetechete zolankhula wamba kuti aone ngati yadzuka bwino, n'kuziponya m'foda ina yomwe anaitcha Zinyalala. Apongoziwo anali kalipentala, chimunthu cha mawu a bezi oti chikakhosomola panja ana amasiya kulira. Chikwatireni mwana wawo, Tibwereze anali asanamvepo mawu omuyamikira. Situdiyoyo iwo ankaitcha zoseweretsa za akamwini.

Ndiye taganizani tsiku lomwe mkuluyo analowa yekha m'kachipindamo. Madokotala anali atawapeza ndi nthenda ya pakhosi, n'kuwauza mosapsatira kuti opaleshoni ipulumutsa moyo koma mawu sadzatulukanso.

"Akamwini," anatero, "ndili ndi nyimbo imodzi yopeka ndekha. Ndikufuna adzukulu anga adzadziwe kuti agogo awo anali ndi mawu."

Anaimba kamodzi kokha. Tibwereze anatsegula pakamwa kuti anene mawu ake aja, koma atawayang'ana kumaso anangowameza.

Opaleshoni inachitika, mawu anapitadi. Tibwereze anaigwera nyimboyo ngati wolodzedwa, pofuna kuti apongozi aone kuti zoseweretsazo ndi ntchito. Anaikamo piyano, anaikamo ng'oma, anadula pomwe mkuluyo anapuma mobanika, anakweza bezi, anatsitsa, anakwezanso. Zonsezi ankachitira pa fayilo imodzi yomweyo.

"Bambo a mwana, nyimbo ya bambo ija mwaikopera pafulashi?" mkazi wake ankafunsa.

"Ndikamaliza kumikisa."

"Kompyuta yanuyo ndimaimva kulira kwake ndili kukhitchini, mukudziwa?"

Wakutsina khutu ndi mnansi, koma munthu akatengeka ndi ntchito makutu amagontha. Iye ankangoti mawa.

Tsiku lomwe apongozi anapangana kudzamvera nyimboyo, Tibwereze anadzuka ndi kamaganizo kamodzi: kuika eko pang'ono pa liwu lomaliza kuti lizimveka ngati m'phanga. Basi, kaeko! Anakaika, anadina kuti aseve, pulogalamu n'kuuma gwa. Anadikira. Anagwedeza mausi, zii. Anazimitsa kompyuta n'kuyatsanso, ndipo atatsegula nyimboyo panabwera uthenga woti fayilo yawonongeka. Anathamangira pomwe kompyuta inkasunga mawu oyambirira aja, asanasakanizidwe ndi zida. Musipika munangotuluka shiii, ngati wailesi yosowa siteshoni.

Mayo ine! Mantha amene anamugwira sanali a kukalipiridwa ayi. Oimba ena akanangowaitana n'kunena kuti tibwereze. Nanga uyu amuitana kuti abwereze ndi khosi liti? Anaimbira mnzake wa mumsika uja, yemwe anangomuuza kuti, "Zimitsa uyatsenso, aise." Anatero mpaka chala chinawawa. Anaganiza zonama kuti magetsi azima, koma firiji inali kulira pabalaza. Anaganizanso zotulukira pawindo, munthu wamkulu wa ndevu zake.

Mkazi wake anasuzumira pakhomo, anamuona nkhope, n'kugwira felemu ya chitseko.

"Musandiuze," anatero. "Chonde musandiuze."

Nthawi yomweyo panja panamveka odi wa apongozi aakazi. Analowa awiriwo, mkuluyo atakulunga kansalu m'khosi, atawonda moti jekete linkangolendewera. Anakhala pampando womwe uja n'kuloza sipika.

Tibwereze ananjuta pansi. "Bambo, nyimbo ija yawonongeka. Sindinaikopere pena paliponse. Wolakwa ndine."

Kale Tibwereze ankaopa mawu a mkuluyo, koma lero anadziwa kuti chete wake ndiye woopsa. Kunkangomveka mpweya ukulowa ndi kutuluka pansi pa kansalu kaja. Mkuluyo anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anagwira mawondo kuti aimirire.

Apa ndi pomwe Tibwereze anakumbukira foda ya Zinyalala. Anazengereza, chifukwa zomwe apongozi analankhula tsiku lija asanaimbe anazijambula osawapempha, ndipo chijambulireni anali asanazimvere.

"Bambo, dikirani pang'ono. Nyimbo palibe, koma pali kena kake."

Anakapeza, anadina. Mpando unalira kwee musipika, kenako chifuwa, kenako bezi uja anadzaza chipinda chonse mpaka mathireyi a mazira ananjenjemera.

"Chinthu ichi chikumva? Akamwini, chitseko chanuchi anakukhomerani ndani? Chapendama ichi. Mukanandiuza ine."

Apongozi aakazi anagwira pakamwa. Mkazi wa Tibwereze anaseka misozi ili mbwembwembwe. Musipika munamveka Tibwereze akupepesa kuti atuluke kaye akapemphe aneba achepetse wailesi, chitseko n'kutsekeka. Ndiye kuti mkuluyo anatsala yekha ndi maiki, osadziwa kuti ikumva. Anapuma mozama, n'kulankhula motsitsa, mawu omwe palibe m'banjamo anawamvapo.

"Ambuye, ndikuopa ine. Ndikuopa zedi. Mundigwire dzanja."

Tsitsi la Tibwereze linaima. Wataya nyimbo ya munthu, tsopano wamuvulanso pamaso pa mkazi wake ndi mwana wake! Anatambasula dzanja kuti azimitse, koma dzanja lina lokhakhala, la munthu wopala matabwa, linamugwira pamkono. Linamugwira zolimba moti anaganiza kuti basi, lero ndi lero. Sanayerekeze kudzutsa mutu.

Dzanjalo silinamukankhe. Linakhala pomwepo mpaka mawu musipika anatha. Atadzutsa maso anaona mkuluyo masaya ali nyowe, dzanja linalo litagwira pakhosi. Kenako mkuluyo anakweza chala n'kuchizunguliza m'mwamba.

Tibwereze anayang'ana apongozi aakazi, osamvetsa.

"Akuti mubwereze," anatero mayiwo, akupukuta m'maso.

Nyimbo ija sinapezekenso mpaka lero, ndipo adzukulu sadzaimva. Tibwereze anabweza mawuwo poyambira n'kudina, akupempha chamumtima kuti pulogalamuyo isaume.