Tsitsi la Achimwene

Amayi ankadana nalo tsitsi la achimwene. Linali lalitali, lowirira ngati tchire la kudambo, ndipo mwini wake ankalipesa m'mawa uliwonse ndi chipeso cha waya. "Iwe, tsitsi limeneli udzameta pa maliro anga basi," ankatero amayi, ife n'kumaseka. Kwathu kumapiri a ku Ntchisi, maliro akaikidwa pamapita masiku angapo, kenako abale amasonkhana n'kumetedwa. Masiku amenewo a chipani chimodzi tsitsi lalitali kwa mwamuna unali mlandu, koma kumudzi kwathu kunalibe wolabadira.

Chaka china titamaliza kukolola, achimwene anati tikaone nyanja ya kumpoto. Chifukwa chenicheni panalibe, anali maso chabe. Tinatsuka thumba la feteleza n'kuikamo bulangete, kapoto ndi mtedza wokazinga. Ya basi tinalibe. Tinkangoima pamsewu dzanja lili m'mwamba mpaka wina atimvere chisoni. Tinakwera lole ya chimanga, ya njerwa, ngakhale thirakitala, n'kumagona pamakonde a sitolo.

Titapitirira Nkhata Bay msewu unatha. Panatsala kanjira ka pathanthwe, kumanja kuli phompho ndi madzi. Ine wobadwira m'mapiri, koma ndinkayenda chogwirira thanthwe, achimwene ali patsogolo kuimba mluzu. Asodzi a kumeneko ankatiseka kalankhulidwe, koma tikawathandiza kukoka khoka ankatigawira chinangwa ndi usipa. Nsabwe zitandivuta, msodzi wina anandimeta mpala. Achimwene anakana, ati bola kukanda.

M'mudzi wina munali wailesi imodzi yokha. Masana ena, pa mauthenga a maliro, tinamva dzina la amayi, la mudzi wathu, kenako athu awiri, kuti kulikonse kumene tili tibwerere msanga. Ndinalira mokuwa. Achimwene sanalire. Kuika maliro tinali titachedwa kale, izo tonse tinkadziwa. Anangogwira kumutu nati, "Tikapeze kumeta. Tsitsi ili ndi la amayi."

Tinabwerera pa bwato, kenako pa lole ya nsomba mpaka ku Mzuzu, ina mpaka ku Kasungu. Kumeneko dalaivala wa lole ya matabwa anavomera kutinyamula, koma anawayang'ana achimwene kawiri. "Akulu, metani. Pa Mponela anyamata a chipani amanga chingwe pamsewu, sakuseka ndi munthu."

Nanenso ndinawachonderera. "Achimwene, lumo ndi lumo. Amayi sangakwiye."

"Khala chete iwe," anatero. Anakanikiza tsitsi lonse m'chipewa cha ulusi n'kukwera.

Tinadutsa pa Madisi bwinobwino. Pa Mponela chingwe chinalipodi, dzuwa lili paliwombo, msika uli wodzaza. Anatitsitsa tonse. Wamkulu wawo anali kamnyamata kosamera ndi ndevu komwe, katanyamula chibonga. Kanakoka chipewa chija, tsitsi n'kutumphuka lonse.

"Ehee! Taonani chigawenga ichi! Khala pansi!"

Achimwene anagwada, munthu amene sindinamuonepo akugwadira wina kupatula kutchalitchi. "Pepani abwana, mayi anga amwalira. Ndikukameta kumudzi mawa lomwe. Ndisiyeni ndikafike nalo."

"Amako ndi boma?"

Mawu amenewo mpaka lero ndikawakumbukira magazi amawira. Achimwene anadzuka n'kukawomba kamnyamatako khofi. Basi, unali ngati wagenda chisa cha mavu. Anawagwera onse, zibonga m'nthiti, nsapato kumaso. Ndinalumphira pamsana pa mmodzi n'kumuluma khutu, wina n'kundimenya chibonga pakamwa. Ndinalavula dzino, ndipo mpata wake ndikadali nawo. Anandiponda pakhosi kuti ndionerere.

Lumo analibe. Wina anaswa botolo pamwala. Awiri anakhalira achimwene pamsana, wachitatu n'kuyamba kupala. Botolo silimeta, abale, limasenda. Linkachotsa tsitsi ndi khungu lomwe, magazi n'kumatsikira m'maso ndi m'makutu. Achimwene ankabuula ngati ng'ombe. Pamsika ponse panalibe woleretsa. Mayi wina wogulitsa tomato anadziphimba kumaso ndi chitenje, ena n'kumayang'ana pansi. Sindiwaimba mlandu, aliyense anali ndi ana kunyumba. Koma anyamata aja sindinawakhululukire, ndipo sindidzanama kuti ndinatero.

Atatopa anatikankhira kumbali. Lole ija inali itapita kalekale ndi thumba lathu. Ndinafuna kuwadzutsa achimwene, koma anandikankha n'kuyamba kukwawa m'fumbi. Ndinkayesa mutu wasokonekera. Ayi, ankatola tsitsi lawo, n'kumaika m'thumba la malaya. Anyamata aja anaseka mpaka kugwirana.

Msewu wa ku Ntchisi tinauyenda wapansi. Magalimoto ankachepetsa liwiro, akaona mutu wamagaziwo n'kuthawa. Mwini sitolo wina wachisilamu ndi amene anatipatsa madzi amchere ndi nsalu yomangira.

Tinafika m'mawa, abale atakhala kale pabwalo, ena mitu ili mbuu. Azakhali, achemwali awo a bambo, ndiwo anali ndi lumo. Analiyendetsa pamutu panga pang'ono, poti panali patangomera timatsitsi. Atafika pa achimwene anamasula nsalu ija, n'kugwira pakamwa.

"Mayo ine! Mwana wanga, ndimeta pati?"

Achimwene anapisa dzanja m'thumba la malaya n'kutulutsa tsitsi lija, litaumbana ndi magazi ndi dothi la pa Mponela. Analiika ndi manja awiri pa mulu wa tsitsi la abale.

"Azakhali, ndabwera nalo," anatero. Apo m'pamene anayamba kulira.