Zikhomo za njanji m'munda wa mtedza

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Yohane Phiri, ndimamva fungo la laimu wonyowa m'chitini chakale cha penti, ndipo ndimawaona atawerama m'munda wa mtedza kuseri kwa mudzi wathu kufupi ndi Nsaru, akupaka zikhomo ndi kansanza komangirira ku kamtengo, mame atanyowetsa buluku lawo mpaka m'mawondo. Zikhomozo anakhoma ndi anthu ovala zipewa zachikasu amene anabwera chaka china ndi makina oyezera. Anati padzadutsa njanji yatsopano, ya sitima yaliwiro loti munthu n'kuwiritsa tiyi ku Lilongwe n'kukamumwera ku Blantyre asanapole. Anthuwo sanabwerenso. Zikhomo zinatsala zitadula munda pakati, ndipo agogo anadzipatsa okha ntchito yoziyang'anira.

Vuto linali lakuti mundawo sunali wawo. Agogo anali mkamwini wochokera ku Golomoti, ndipo nthaka yonse inali ya agogo aakazi, aNabanda, yosiyiridwa ndi amayi awo. Ine ndinkakhala nawo awiriwa chifukwa amayi anga ankagwira ntchito m'tauni, choncho mikangano yawo ndinkaimva yonse, makamaka masana m'chigafa tikamasankha fodya, fumbi lake likutiyetsemulitsa, wailesi itapachikidwa pa msomali ikunena za njanjiyo.

"Kodi sitima yanuyo ikadya mtedza wanga, ife tidzadya utsi?" ankafunsa aNabanda.

"Adzakupatsani malo ena, inu."

"Malo enawo analimapo amayi anga?"

Agogo aamuna ankangoseka n'kupukusa mutu. Iwo anakulira m'mbali mwa njanji, ndipo akayamba kufotokoza mmene pansi pamanjenjemera sitima isanaoneke, masamba a fodya ankaiwalika m'manja. Nkhani yawo inkathera pamodzimodzi nthawi zonse: "Ikangofika, ndidzapita kwathu pa sitima."

Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chimene sankapitira pa minibasi ngati anthu ena onse. Anati msana. Komatu msana womwewo unkapalasa njinga mpaka ku Kabudula thumba la chimanga lili pakaliyala. Zoona zake anandiuza ndi aNabanda tikuswa mtedza pakhonde. Amayi a agogo aamuna atamwalira ku Golomoti, uthenga unawapeza fodya atapsa m'munda, mvula ikuvumba. Anati apita akathyola. Atathyola anachita manyazi kufika maliro atatha, ndipo manyaziwo anawasunga zaka zambirimbiri. Kumudziko kunatsala mlongo wawo wamkulu, aMarita, amene anadwazika amayiwo yekha n'kuwaika yekha.

"Agogo akowa sakudikira sitima ayi," anatero aNabanda akuuzira makoko m'lichero. "Akudikira chinthu chachikulu choti chiwanyamule pamodzi ndi manyazi awo."

Kenaka wailesi inayamba kuidula njanji ija pang'onopang'ono ngati munthu wodula mzimbe. Aphungu ankakangana, ena akuti ndi chitukuko, ena akuti tiyambe taika mankhwala m'zipatala. Poyamba kunamveka kuti sitimayo sidzakhalanso yaliwiro. Agogo anati, "Bola ifike, ine sindikuthamangira kulikonse." Patapita miyezi kunamveka kuti idzakhala yonyamula katundu yekha. Anati, "Ndidzakwera ngati thumba la soya." Ankanena moseka, ndipo ngakhale aNabanda ankaseka nawo. Koma masana ena munthu wa pa wailesi ananena kuti adzangomanga kachigawo kakafupi m'mbali mwa mzinda, kwathu kuno sikudzafikanso njanji.

Agogo anatseka wailesi. Anatenga chitini chawo cha laimu n'kupita kumunda, koma sanachitsegule. Ndinawapeza atakhala pa mzere, chipewa chili pabondo, akuyang'ana zikhomo zoyera zija. Ndinawamvera chisoni kwambiri moti ndinabwerera osawauza kuti chakudya chapsa. Ndinkaganiza kuti aNabanda aimba nthungululu popeza apambana, koma tsiku lonselo sanatchule mtedza ngakhale kamodzi.

Kutacha aNabanda anatenga khasu n'kukazula zikhomo zonse. Anazimanga ngati nkhuni, anazisenza pamutu, nadzaziponya pakhonde pamaso pa amuna awo. Ine ndinalira, ndikuona ngati ndi nkhanza.

"Zodikira zatha, a Phiri," anatero. "Kasambeni. Alamu anga akukalamba kumeneko."

"Inu, msana wangawu..."

"Mukhalira pilo. Ndanyamula kale."

Analidi atanyamula. Dengu la ufa ndi mtedza linali pakhomo, nkhuku yathazi itamangidwa miyendo pambali pake. Mayi ameneyu anali asanapitirirepo tauni ya Lilongwe chibadwire, koma tsiku limenelo ndiye ankatsogolera, akukalipira makondakitala ndi kundikoka dzanja pa depoti. Titadutsa Dedza n'kuyamba kutsika msewu wokhotakhota wa m'mapiri, mphepo yotentha inalowa pa windo, milambe inayamba kuoneka, ndipo agogo aamuna, amene kunyumba pakamwa sipankatsekeka, ankangopotokola mlomo wa chipewa ulendo wonse.

AMarita tinawapeza pamkeka pansi pa mtengo wa bwemba, ang'onoang'ono ngati mwana, maso atachita ng'ala. Atamva odi anafunsa kuti ndani. Agogo anangoima potero, chipewa chili m'manja. Ndi aNabanda amene anagwada pafupi ndi mkeka.

"Ndine mkazi wa Yohane, alamu. Ndakubweretserani mlongo wanu. Ndinamusunga nthawi yaitali, mundikhululukire."

Ndinadabwa, chifukwa ndinkadziwa kuti si iwo amene anawaletsa. AMarita anatambasula manja. Agogo anagwada, ndipo zala zija zinayenda pamphumi, pamakutu, mpaka pamutu.

"Yohane, tsitsi lija unasiya kuti?" anafunsa aMarita, dzanja likadali padazi. "Wachedwa, koma wandipeza."

Ndinali ndisanaonepo munthu wamkulu akulira monga analirira agogo aamuna, mapewa akugwedezeka, mawu osatuluka. ANabanda anandikoka kuti tikathandize kupha nkhuku.

Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, pansi panayamba kunjenjemera monga ankanenera agogo. Sitima ya katundu inadutsa kuseri kwa nyumba, ikulira ndi kugubuduka, mabogi akuda akutsatana osatha. ANabanda anathamangira kumpanda chitenje chili pakamwa, naiyang'ana mpaka bogi yomaliza.

"Eti chimenechi ndiye chikanadutsa mu mtedza wanga?" anandinong'oneza. "Koma n'chokongola, iwe."

Ndinatembenuka kuti ndione nkhope ya agogo aamuna. Sanacheuke n'komwe. Anali atatchera khutu kwa aMarita, amene ankawauza mmodzimmodzi anthu amene anamwalira ndi ana amene anabadwa iwo kulibe.

AMarita anamwalira dzinja lotsatira, fodya atapsanso m'munda. Uthenga utafika, agogo anasiya masamba ali mulu pa mzere, nakakwera minibasi ndi buluku lamatope lomwelo. Anakafika maliro asanatuluke m'nyumba.

Lero ndimakhala ku Lilongwe, ndipo nkhani ya njanji ikabukanso pa wailesi ndimamvetsera mpaka kumapeto. Ndimafunadi atadzaimanga, koma munda wa munthu ukatchulidwa mtima umandiwawanso, choncho anzanga amati ndilibe mbali. Chimene ndinatengako kwa awiri aja n'chaching'ono. Foni ikalira kuti wina wadwala kumudzi, sindinena kuti ndipita zikayenda bwino. Ndimathimitsa mbaula, ndimakiya chitseko, n'kupita ku depoti.