Mizere Yokhota ya Ba Hamweemba

Kwathu kuno ku Monze mwamuna amadziwika ndi mzere wa pulawo yake. Ukawongoka ngati chingwe, anthu amati pakhomopo pali bambo. Tsono Ba Hamweemba, munthu waulemu wake, wa imvi ndi zidzukulu, anali ndi mizere yokhotakhota yoti ngakhale chidakwa chingaikane kuti si yake.

Mlandu unali wa misangu. Anzawo akaona kamtengo m'munda ankazula ndi chitsa chomwe kuti pulawo iziyenda bwino. Iwo akapeza kamsangu katamera pandowe ankakhoma chikhomo pambali pake, ndipo polima ankakazungulira. Anachita zimenezi zaka zambirimbiri, mpaka Mukuwa, ng'ombe yawo yoyera, anazolowera. Akangoona katsamba kutsogolo ankakhota yekha osauzidwa.

Mukuwayu ndi yekhayo amene anatsala m'khola matenda atasesa ng'ombe m'mudzi. Pagoli ankamuphatikiza ndi ng'ombe ya alamu awo, Ba Mweetwa, munthu wosasunga mawu m'kamwa.

"Alamu, ng'ombe yanuyi yandiwonongera yanga," ankatero Ba Mweetwa. "Dzulo zonse ziwiri zazungulira chisoso! Kodi mukulima chimanga kapena nkhuni?"

"Msangu ndi mtengo waulemu, alamu. Mvula ikafika umavula masamba onse kuti chimanga chione dzuwa. Inuyo munayamba mwavulirapo munthu chipewa?"

Kunena zoona, Ba Hamweemba ankamukonda Mukuwa mopitirira muyeso. M'mawa uliwonse ankaima pakhola n'kumamuimbira nyimbo zomutamanda, akazi awo, Bina Nchimunya, akung'ung'udza ndi tsache m'manja kuti iwo chikwatirane sanaimbiridwepo ngakhale kamodzi.

Chaka china mvula inadula chimanga chitangoyamba kumasula. Sabata zisanu kumwamba kuli mbee. Minda ya mizere yowongoka ija inasanduka anyezi, ndipo theka la munda wa Ba Hamweemba, kumene kunalibe mitengo, linapsa chimodzimodzi. Koma pansi pa misangu nthaka inali yakuda ndi yofewa chifukwa cha masamba owola ndi ndowe za ng'ombe zimene zimausa pamenepo m'chilimwe. Chimanga cha pamenepo chinkafota masana, m'mawa n'kudzukanso.

Nthawi yokolola isanakwane n'komwe, malole a ogula ng'ombe anayamba kuzungulira m'midzi. Bina Nchimunya anali ndi zidzukulu zitatu zozidyetsa, choncho chimanga chitauma sanabise mawu.

"Bambo, nyimbo sitidya. Lachisanu lole ikubwera. Chimanga chanu cha m'mitengocho chikapanda kutifikitsa ku zokolola zina, Mukuwa akwera."

Ba Hamweemba anayang'ana kukhola. Ankadziwa kuti mayiwo akunena zoona, ndipo chimenecho ndicho chinkawapweteka kwambiri.

Lachinayi anakolola awiriwiri, mtengo ndi mtengo. Mukuwa anakoka ngolo maulendo anayi. Atathira zonse m'nkhokwe, Bina Nchimunya anakwera pamwala, nasuzumira, nayeza ndi mkono. Anayamba kuwerenga miyezi milomo ikugwedera. Bambowo anangoima kumbuyo atagwira chingwe cha ng'ombe.

"Sichikwana," anatero mayiwo potsika. "Chiperewera miyezi iwiri."

Ba Hamweemba anagwedeza mutu, nayamba kusisita Mukuwa pakhosi.

"Ndati sichikwana tikamadya kawiri," anapitiriza mayiwo. "Ana azidya kawiri. Inu ndi ine kamodzi, kuyambira lero. Masana thobwa lathu la chibwantu lokha, ndipo ndisamve munthu akudandaula."

"Amayi, ndi msana wanuwo mudzatha?"

"Nanga tikagulitsa, chaka chamawa pagoli mudzamangapo ine?"

Lachisanu lole inafikadi, itadzaza kale ndi ng'ombe za anthu. Ya Ba Mweetwa inali momwemo, ikulira itatulutsa mphuno pa zitsulo, mwini wake ataima pamsewu manja ali kumbuyo. Wogula anakuwa kuti, "Madala, yoyerayo bwanji?" Bina Nchimunya ndiwo anamuyankha, ndi dzanja lokha, kuti apitirire.

Fumbi litatha, Ba Hamweemba anapita pamene panaima alamu awo. Misozi inali ikutsika, ya chisoni ndi ya chimwemwe pamodzi, ndipo sanaipukute.

"Alamu," anatero, "mvula ikagwa, ine ndi Mukuwa tidzayambira kulima munda wanu."