Mowa Wosanunkha wa a Everson

A Everson Mukhuna anayamba kusula zitsulo chifukwa tiyi anawakana. Anabadwira m'malaini a pa esiteti, kumene agogo awo anafikira atawoloka Ruo kuchokera ku Mozambiki, ndipo pabanja pawo aliyense anali wothyola tiyi, kuyambira bambo, mayi, azichemwali, mpaka alamu omwe. Iwo dengu linakhala kumsana kwawo masabata owerengeka chabe. Manja awo anali ngati mafosholo. Akati athyole timasamba ta kunsonga, ankakhadzula nthambi yonse. Kapitawo anapirira, kenako anawauza mwaulemu kuti manja amenewo Mulungu anawalengera ntchito ina, akaifunefune kunja kwa munda.

Anakaipeza ku Khonjeni, kwa nkhalamba ina yosula makasu. Atadziwa ntchito anakwatira mayi Vailet, nalowa chikamwini m'mudzi wa m'mphepete mwa esiteti. Chipala chawo anachikhazika kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mapeyala. Panalibe zambiri: chidutswa cha njanji chosulirapo, nyundo ziwiri, chopanira, ndi gudumu la njinga lomwe akalipukusa linkauzira mphepo m'moto. Zitsulo ankakazitola ku Luchenza, masipuling'i a malole akufa, chifukwa chikwanje cha sipuling'i sichibuntha msanga. Makala ankagula kwa anthu a njinga ochokera ku Thekerani, ndipo akasowa ankasonkhezera zitsononkho kapena makoko a makademiya. Tsiku lina kunabwera bambo wa tayi kudzawafunsa ngati bizinesi yawo ili pa inshuwalansi. A Everson anamuloza ndowa ya madzi, n'kumuuza kuti imeneyo sinawakhumudwitsepo. Bamboyo anagula mpeni umodzi n'kumapita.

Pa ntchito panalibe wowadandaula. Nyengo yodulira tiyi ikafika, odulira ankachita kulimbirana zikwanje zawo. Vuto linali pakhosi. A Everson kachasu ankamwa ngati akuzimitsa moto, ndipo mayi Vailet, mayi wa Mvano wosadziwa kubisa mawu, anawanyamula m'ngalande kambirimbiri. Tsiku lina, mwana wawo Tamanda ali kusekondale, mayiwo anakhala pansi n'kulankhula mosakweza mawu, zomwe zinali zoopsa kuposa kukalipa.

"Bambo a Tamanda, ndatopa. Mukadzalowanso pakhomo pano dzandidzandi, ndidzaitana ankhoswe, mubwerere kwanu."

Kwanu kuti? Makolo awo anamwalira, nyumba ya kumalaini esiteti inapatsa banja lina, abale anamwazikana, ena ku Limbe, ena ku Joni. A Everson kwawo kunalibe. Zimenezi ankazidziwa bwino, ndipo mantha anawachitira zimene maulaliki analephera. Anasiyadi mowa. Anthu anayembekeza kuti Khirisimasi iwagwetsa, Khirisimasi inadutsa, inanso inadutsa, mpaka anzawo a pa botolo anayamba kuwapatsa moni wa patali.

Ndiye chaka chino esiteti inagulitsa malata akale ochotsedwa pa nyumba za antchito. A Everson anatengeka. Kwa zaka zambiri chiperoni chinkawanyowetsera makala, mphepo inkawauluzira moto, komanso ogula zitsulo zakutha anali atayamba kuwabera masipuling'i. Anamanga kanyumba ka malata okhaokha, denga malata, makoma malata, chitseko cha loko. Zenera anakana, ati zenera ndi khomo la mbava. Mipata yonse anaitseka ndi matumba a feteleza n'kumata dothi. Pachitseko analemba ndi penti kuti SHOPU, ndipo aliyense wodutsa ankakokedwa pa mkono kuti adzaone. Mayi Vailet anayamikira, koma anati munthu wamkulu asamavinire malata.

Juni atalowa, chiperoni chinatsika n'kuphimba minda ya tiyi yonse kuti mbuu. A Everson anatseka chitseko, anasonkha makala odzadza, n'kuyamba kusula zikwanje motentha bwino ngati bwana. Madzulo anatuluka mutu ukugunda, miyendo ikukana kumvana. Kuchoka pa shopu kufika pakhonde ndi pafupi, koma anadutsira m'munda wa chinangwa. Atafika anawerama kuti avule nsapato, n'kuyamba kuiseka nsapatoyo.

Mayi Vailet anaika chipande pansi.

"Bwerani kuno. Pumani."

A Everson anapuma. Mayiwo ananunkhiza pakamwa, ananunkhiza malaya, ananunkhizanso pakamwa. Fungo linali la utsi ndi thukuta basi.

"Mwamwa chiyani?"

"Amake Tamanda, ndalumbira pali Mulungu, sindinalawe kanthu."

"Nanga nsapato yakuuzani nthabwala yanji?"

A Everson nawonso sankadziwa. Kutacha anali bwinobwino, anangoti mwina ndi malungo. Koma malungo ake anali odabwitsa. Ankabwera masiku a chiperoni okhaokha, Lamulungu ankapuma, ndipo kuchipatala magazi anapezeka oyera. Mayi Vailet anasecha shopu yonse, anakhuthula matumba a makala, analawa ngakhale madzi a m'ndowa yoziziritsira zitsulo n'kulavula. Botolo silinapezeke.

Nkhani ya m'mudzi siyenda pansi. Posakhalitsa zinamveka kuti a Everson atulukira mowa wosanunkha, woti munthu ukhoza kumwa n'kukaimba kwaya. Oyamba kufika anali a Hopeson, mnzawo wakale wa pa botolo, atanyamula khasu losathyoka n'komwe.

"Achimwene, ife tinakulira limodzi," anatero a Hopeson. "Musatimane. Kaya ndi wa ku Mozambiki, kaya ndi wa mapiritsi, ife sitiulula."

"Kulibe mowa kuno, a Hopeson."

"Chabwino, kulibe. Ndingokhala nawo pang'ono, kunjaku kukuzizira."

Anakhala pa thumba la makala, maso ali pa manja a mnzawo kuti aone pomwe botolo litulukire. Silinatuluke. Koma pofika masana a Hopeson anatuluka akugwira makoma, akuimba nyimbo ya Chilomwe ya pa chinamwali, n'kukalengeza pa msika kuti a Everson afika patali: mowa wawo sumwedwa n'komwe, umangokulowa wekha, ndipo ndi waulere. Mawa lake pa shopu panali mzere wa amuna, aliyense ndi kachitsulo kake konamizira. Wina anabwera ndi supuni. A Everson ankawathamangitsa, koma iwo eni mtima unali utayamba kuwawa. Anthu ankaseka, iwo akuona ukwati wawo ukupita, pa mlandu womwe sanapalamule. Pena ankadzikayikira okha, kuti kapena pali munthu akuwaledzeretsa m'matsenga.

Mayi Vailet anachita zomwe ananena. Anatumiza uthenga kwa malume awo a Amosi, ndi kwa a Dan, msuweni wa a Everson amene ankaimira kuchimuna, kuti Loweruka masana abwere. A Everson atamva sanadye. Anangoyang'ana mtengo wa mapeyala ndi nthochi zomwe anabzala okha, zonse zili pa dothi la eni ake.

Koma mayi Vailet sankafuna kukaima pamaso pa ankhoswe chimanjamanja. Loweruka m'mawa anavala juzi, anamanga chitenje cholimba, anatenga kampando n'kukalowa m'shopu.

"Lero ndikhala pompano. Sulani. Ndione ndi maso angawa pomwe mumabisa."

Kunja chiperoni chinali chitakhwima. Mayiwo anatseka okha chitseko, n'kutsekanso kampata ka pansi ndi chiguduli, ati kuti a Hopeson asalowetsere botolo pamenepo. A Everson anasonkha makala, anapukusa gudumu, chitsulo chinafiira, nyundo inayamba kulira. Mayi Vailet anakhala tsonga, manja atapinda, osaphethira.

Chikwanje choyamba chinatha, chachiwiri chinatha. Pa chachitatu mayiwo anamasula mpango kumutu.

"Bambo a Tamanda."

"Ee."

"Makutu anuwa anali aakulu chonchi kuyambira kale?"

A Everson anatembenuka. Akazi awo, mayi wa Mvano, amene anali asanawamwetulire kwa mwezi wathunthu, anali atatsamira khoma akuseka mpaka misozi. A Everson anayesa kukwiya koma zinakanika, nawonso anayamba kuseka. Anafuna kumenya chitsulo, nyundo inaphonya n'kugunda njanji, ndipo zimenezo zinawaseketsa koposa. Mayi Vailet anati njanjiyo ikuyenda, sitima ibwera posachedwa, akwere apite ku Nsanje. A Everson anati alibe tikiti. Mayiwo anati akwera ngati katundu.

Kenako mayi Vailet anaimirira kuti awaonetse mmene ankavinira ali mtsikana. Anaponya phazi limodzi, n'kugwa chafufumimba pa matumba a makala. Sanadzuke.

Kuseka kunathera pomwepo. A Everson anaitana, mayiwo osayankha. Anawagwira pa phewa, mutu unangolendewera. Mantha anawagwira omwe sanawamvepo chibadwire. Miyendo yawo inali ngati ya mwana wa mbuzi wongobadwa kumene, koma anakwawa, anakankha chitseko ndi mutu, anabwerera n'kuwakoka akazi awo mpaka panja pa udzu wonyowa. Anawakupiza ndi chipewa, akuwatchula dzina lenileni, Vailet, Vailet, lomwe anali asanalitchule chibadwire Tamanda.

Patapita nthawi mayiwo anatsokomola, anasanza, n'kutsegula maso. Anagona choncho akupuma mphepo yozizira, nkhungu ikuwanyowetsa kumaso. Anayang'ana shopu, utsi wochepa ukutuluka pa chitseko. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Bambo a Tamanda, mukuwakumbukira alonda aja a pa esiteti? Aja anadzitsekera m'kanyumba ndi mbaula chaka chozizira chija, n'kupezeka atauma?"

"Ndikuwakumbukira. Komatu aja anagona nayo. Ine sindigona, ndimagwira ntchito. Ndiponso ndi masana."

"Makala amadziwa kuti kwacha?"

A Everson anatembenuka kuyang'ana shopu yawo. Mudzi wonse unkadziwa kuti mbaula sugona nayo m'nyumba yotseka, ana omwe ankadziwa, ndipo iwo eni analangizapo anthu. Koma palibe ndi mmodzi yemwe anaganiza kuti chipala ndi mbaula yomweyo, yaikulu chabe, ndipo iwo anaimangira nyumba yopanda zenera n'kumata mipata ndi manja awo.

Ankhoswe anafika nthawi imeneyo. A Amosi anali atavala jekete la maliro, a Dan ali pambuyo ndi nkhope ya munthu wodzapepesa. Pakhonde sanapeze munthu. Atazungulira kuseri anapeza banja lonse lili pansi, matope okhaokha, likuyesa kudzuka mogwirana. Akadzuka mwamuna, mkazi ankagwa. Akadzuka mkazi, mwamuna ankakhala pansi. A Amosi anavula chipewa, anakanda m'mutu, anayang'ana a Dan.

"Mwana wa mlongo wanga," anatero kwa mayi Vailet, "iwe unatiitana kuti tidzachotse chidakwa. Tsopano tichotse uti?"

Mayi Vailet anafuna kuseka koma mutu unawabaya. Anagwada bwinobwino, anakonza chitenje, n'kufotokoza zonse, za chitseko, za chiguduli, za alonda a mbaula. A Dan analowetsa mutu m'shopu kuti atsimikize, a Amosi anawakoka jekete.

"Mlandu ulipo, malume, koma si wa bambowa," anatero mayi Vailet. "Mwezi wonse mwamuna wanga amafa pang'onopang'ono kuseri kwa nyumba yanga. Amandiuza zoona tsiku ndi tsiku, ine ndili kalikiliki kumununkhiza pakamwa. Ndachita manyazi."

Mayiwo anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, ndipo ukali wawo unabwerera pang'ono.

"Poti mwabwera kale, musabwerere chabe. Nyundo zili m'katimo, ziwiri. Khoma ili ndi ilo zichoke lero, litsale denga. Tikatero mutiperekeze kuchipatala."

A Amosi anavula jekete n'kulipachika pa mtengo. Lata loyamba litagwa, mphepo inalowa n'kuulutsa phulusa, makala anayaka okha. A Everson anali chikhalire pa udzu, akuonerera shopu yawo ikuphwasulidwa, osadandaula ngakhale pang'ono. Panali chinthu chimodzi chokha chomwe ankafuna kumva, ndipo anachifunsa motsitsa kuti ankhoswe asamve.

"Ndiye ndikhale?"

Mayi Vailet anawayang'ana, anawachotsa kaudzu kamene kanakakamira m'ndevu.

"Mupite kuti, bambo a Tamanda? Kwanu ndi kuno."