Mbande Zoyendayenda za Kampani ya Fodya

Ndikukumbukira chaka chimene kampani ya fodya inatibweretsera mitengo kwathu ku Magodi, ine ndili ndi zaka khumi. Zigafa zowotchera fodya zinali zitameza tchire lonse, moti amama ankalawira kukatola nkhuni kutali, n'kubwerako dzuwa lili paliwombo, khosi litauma gwa. Choncho lole itatsitsa mbande pasukulu pathu, ndinati basi, amama apumula.

Unali mwezi wa Okutobala, dothi likuwotcha kumapazi. Kapitawo wa kampaniyo, bambo wina wa ku Chipata wa chipewa chobiriwira, anatiuza kuti kukubwera ogula fodya ochokera kunja, ndipo anthuwo sagula kwa kampani yosabzala mitengo. Anatindandalika m'mbali mwa msewu, aliyense ndi mbande yake.

"Osachotsa pulasitiki," anatero. "Ingoikani m'dzenje, mukwilile."

Zinandidabwitsa. Adada anandiphunzitsa kuti muzu wotsekeredwa sugwira nthaka. Ndinang'amba kapulasitiki ka mbande yanga ya mtengo wa msangu, ndinapondera dothi bwinobwino, n'kuuthirira madzi amene ndinatengera kumwa.

Alendo anafika pa galimoto zoyera. Tinaimba mpaka kukhosi kuuma, iwo anajambula zithunzi, anawomba m'manja, n'kumapita. Fumbi lawo lisanakhazikike n'komwe, lole ija inatulukira. Anyamata a kampani anayamba kuzula mbandezo imodziimodzi n'kumazikwezanso, opanda ndi manyazi omwe. Mawa lake zinkafunika ku Kapichila, kukajambulidwanso.

Atazula yanga, dothi linangoyoyoka, timizu tili pamtunda. Kapitawo uja anandikoka khutu mpaka ndinaima ndi zala zakumapazi.

"Iwe, anakuuza ndani kuti ubyale zenizeni? Waononga katundu wa kampani."

Anauponya mumsewu msangu wangawo, lole n'kuuponda pokhota. Ndinabwerera kunyumba khutu likuyaka. Amama anafunsa ngati mitengo yathu yabzalidwa, ine ndinangowaonetsa khutu langalo.

Lero makampani ambiri amalengeza kuti akusamala chilengedwe, ndipo sindikana, ena amachitadi. Koma ndinazindikira kuti kampani imaopa wogula, siopa chilala. Wogula akafuna nkhalango, idzabzala nkhalango. Akakhutira ndi chithunzi, chithunzi chomwecho n'chimene adzalandire. Paubwana wanga ndinalangidwapo kambiri, kwinako moyenera ndithu. Chilango chimene chimandinyansa mpaka pano n'chomwecho, cholangidwa chifukwa ndinabzala mtengo kuti umere.