Mawilo a ba Chanda

Ba Chanda, kochi wanga, lelo napita kukasankha mawilo a njinga ya resi. Ninayamba kufinya masipoko kuti nimve kulimba, monga munaniphunzitsila, basi misozi pamaso pa ogulitsa.

Chaka chonse munanikaniza mawilo opepuka. Munali kukamba kuti, "Mwaiche, mwana iwe, trena na olema, miyendo ikhwime." Koma m'mawa wa resi yanga yoyamba, ku Mtendere, munamasula mawilo anu opepuka aja n'kumanga pa njinga yanga. Ninafunsa kuti, "Nanga imwe?" Munati bondo likuwawa, simuthamanga. Pa malilo panu akazi anu ananiuza kuti bondo linali bwinobwino, ndipo munatrena miyezi itatu kukonzekela resi ija. Ninafika kumapeto-mapeto tsiku lija, koma munaninyamula ngati nawina.